Funsani Aphunzitsi: Kodi "tug of war" ndi nkhondo yanji?

FUNSO

Aphunzitsi, ndine mtsikana wa Fomu 4 ndipo ndimakhala ku Chinamwali. Tikukonzekera mayeso a MSCE. M'ndime ina ya Chingerezi imene anatipatsa kuti tiwerenge munali chiganizo chonena kuti panali "a tug of war" pakati pa alimi ndi ogula fodya pa nkhani ya mitengo. Funso linali lakuti tifotokoze tanthauzo la mawuwo. Ine ndinayankha kuti anamenyana, poti "war" ndi nkhondo, koma anandithetha. Mnzanga akuti ndi masewera okokana chingwe aja. Nanga alimi ndi ogula fodya angakokane chingwe ku okushoni? Chonde ndimasulireni.

Wophunzira wa ku Chinamwali

YANKHO

Mwanangu, wachita bwino kufunsa. Mnzakoyo sakunama, koma wangokuuza theka la nkhani, ndipo akanalemba choncho pamayeso nayenso akanamuthetha.

Tiyambe ndi liwu loyambalo. "Tug" ndi kukoka mwamphamvu, kukoka kochita kuikapo thupi lonse. Kangalawa kakang'ono kamene kamakoka zombo zikuluzikulu polowa padoko la Beira kapena Nacala amakatcha "tugboat" pa chifukwa chomwecho. Usamale polemba: pakatipo pali u, osati a. Ana ambiri amalemba "tag" chifukwa m'makutu mwathu mawu awiriwa amamveka mofanana, koma "tag" ndi kachikwangwani kolembapo mtengo kapena dzina, ndipo ochonga mayeso a MANEB sadzakumvera chisoni pamenepo.

Masewerawo ndikhulupirira unawaonapo. Pasukulu ina ya kuno ku Zomba pamene ndinkaphunzitsa, ndiwo ankatsekera tsiku la masewera. Tinkalemba mzere pansi ndi laimu, n'kumanga kansalu kofiira pakatikati pa chingwe, anyamata a Fomu 3 mbali iyi, a Fomu 4 mbali inayo. Wezulo ikalira, suona munthu akuthamanga kapena kudumpha. Onse amagonera chagada ngati akufuna kukhala pampando umene palibe, zidendene zitakumba dothi, mitsempha ya m'khosi itatuluka, mano ali gwa. Chingwe chimalira, chimanjenjemera, koma kansalu kaja kali pomwepo pamwamba pa mzere. Kasuntha pang'ono kupita kwa a Fomu 4, ochemerera akuwa, kenaka kabwereranso. Munthu wobwera kumene atha kuganiza kuti palibe chimene chikuchitika, pamene ana aja akutha mphamvu zonse za m'thupi mwawo. Kanthawi kameneko, kamene thukuta lili kamukamu koma kansalu sikakusuntha, ndiko kamene Mngerezi amakhala nako m'maganizo akamagwiritsa ntchito mawuwa mophiphiritsa.

Choncho ukawerenga kuti pali "tug of war" pakati pa anthu awiri kapena magulu awiri, usaganize za zibakera kapena mfuti. Akutanthauza kuti pali chinthu chimodzi chimene onse awiri achigwira, aliyense akukokera kwake, ndipo mphamvu zawo n'zofanana moti palibe amene akutha kumugonjetsa mnzake msanga. Ife timangoti pali kukokanakokana, kapena kuti akulimbirana chakutichakuti ndipo palibe akufuna kugonja. Yankho limene ankafuna pamayeso ako ndi lotere: alimi ankafuna mitengo ikwere, ogula ankafuna itsike, ndipo kwa nthawi ndithu palibe mbali imene inalolera.

Pali chinthu china chimene anthu ambiri, ngakhale aphunzitsi anzanga, amadabwa nacho ndikawauza. Timaganiza kuti masewera ndiwo anayamba, tanthauzo lophiphiritsa n'kubwera pambuyo. M'Chingerezi zinayenda mosemphana. Kalekale mawuwa ankatanthauza pachimake pa nkhondo, pamene pavuta zedi ndipo wopambana adziwika pomwepo. Nathaniel Lee, wolemba masewero a zisudzo wa ku England, anawagwiritsa ntchito m'chaka cha 1677 m'sewero lake lonena za Alexander Wamkulu, ponena kuti pamene Agiriki anakumana ndi Agiriki anzawo, m'pamene panali kulimbana kwenikweni. Dzinali linadzapatsidwa kwa masewera a chingwe m'zaka za m'ma 1800. Ndiye iwe poganiza za nkhondo sunapite kutali kwambiri, kungoti unayankha Chingerezi cha zaka mazana atatu zapitazo. Masewera enieniwo ndi akale kuposa dzina lawo la Chingerezi, ndipo si a Angerezi okha. Ku Cambodia, Philippines, South Korea ndi Vietnam alimi a mpunga amakokana chingwe ngati mwambo wopempha zokolola zabwino, ndipo bungwe la UNESCO linaika mwambowu m'kaundula wa chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2015.

Chitsanzo chabwino sitichita kukachifuna kutali. Unali wamng'ono kwambiri mu 2011, koma akuluakulu a ku Chinamwali akuuza. Mu Febuluwale chaka chimenecho, mkulu wa apolisi m'dziko muno pa nthawiyo, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa ku Chancellor College, kukawafunsa za zimene anaphunzitsa m'kalasi. Akuti anayerekeza mavuto a kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja kuno kwathu ndi zimene zinautsa zipolowe ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi a pakolejiyi, imene ili ku Chirunga kuno ku Zomba, motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila, anasiya kuphunzitsa. Ankafuna kupepesedwa ndi kutsimikiziridwa kuti m'kalasi simudzakhalanso akazitape. Pulezidenti Bingu wa Mutharika anaima kumbuyo kwa mkulu wa apolisi. Khonsolo ya yunivesite inachotsa ntchito aphunzitsi anayi, iwo anathamangira kukhoti, khoti linaimitsa chigamulocho, koleji inatsekedwa. Boma linali ndi apolisi ndi ndalama za malipiro, aphunzitsi anali ndi khoti ndi umodzi wawo. Miyezi inadutsa, kansalu kali pomwepo, mpaka mu Okutobala pamene Pulezidenti analamula kuti anayi aja abwerere pa ntchito.

Ife okhala mu Zomba tinaphunzirapo china chimene mtanthauziramawu salemba. Pa kukokana kotere pamakhala chingwe, ndipo chingwecho chimamva kupweteka. Chaka chimenecho chingwe anali ophunzira amene anakhala kwawo pafupifupi chaka chonse cha maphunziro. Analinso amayi a ku Chikanda amene amadalira lendi ya ana a kukoleji, ndi ogulitsa tomato ndi usipa wa pa Mpondabwino amene makasitomala awo anangoti zii. Ine ndinali kumbali ya aphunzitsi, ndipo mpaka lero ndimakhulupirira kuti wapolisi alibe malo m'kalasi. Komabe ukamva mawuwa, uzifunsanso kuti kodi chingwe ndi ndani. Angerezi eniake anazindikira zimenezi, n'chifukwa chake bambo ndi mayi amene banja latha akamalimbirana mwana, manyuzipepala a ku Britain amati "tug of love". Onse awiri akuti amamukonda, koma wokokedwayo ndi mwana.

Zinachitikanso ku Nyumba ya Malamulo. A Mutharika atatuluka mu UDF mu 2005 n'kuyambitsa DPP, aphungu ambiri anawatsatira. Otsutsa boma, a MCP ndi a UDF, amene anali ochuluka m'Nyumbamo, anati sipikala, a Louis Chimango, agwiritse ntchito Gawo 65 la malamulo a dziko lino n'kuchotsa aphungu osamukawo, apo ayi bajeti siidutsa. Boma linati bajeti iyambe. Mu 2007 chaka cha boma chinayamba pa 1 Julaye popanda bajeti, ndipo inadzadutsa mu Seputembala. Chaka chotsatira anakokananso chimodzimodzi. Kukokanaku kunatha ndi chisankho cha 2009, pamene DPP inapeza mipando yoposa theka.

Nkhani ya bajetiyi ikundifikitsa pa chinsinsi cha masewerawa, chimene aphunzitsi ako a Physics angakutsimikizire. Wopambana pokokana chingwe sapambana ndi manja. Chingwe chikakungika, mphamvu imene chikukoka nayo mbali iyi ndi yomweyo imene chikukoka nayo mbali inayo. Kusiyana kumakhala kumapazi. Gulu limene lapondetsa pansi, lolemera bwino ndiponso losaterereka, ndilo limakoka linzake. N'chifukwa chake pa mipikisano yovomerezeka, imene imayendetsedwa ndi bungwe la Tug of War International Federation lomwe linakhazikitsidwa mu 1960, amayeza kulemera kwa gulu lonse la anthu 8 pamodzi, kuti a makilogalamu 640 akumane ndi a 640 anzawo, ndipo kuti mupambane muyenera kukoka anzanuwo mamita 4. Masewerawa analipo pa Olimpiki kuyambira 1900 mpaka 1920. Ku London mu 1908 mamendulo onse atatu anatengedwa ndi magulu a apolisi a ku Britain, ndipo mkangano umene unabuka unali wa nsapato. Gulu la ku America litagonja kwa apolisi a ku Liverpool linadandaula kuti anzawowo anavala majombo olemera okhala ndi zitsulo kuzidendene. Oweruza anakana dandaulolo poti zinali nsapato zawo za kuntchito. Pa kukokana kwa ndale kapena kwa malonda zilinso choncho. Usamayang'ane amene akukuwa kwambiri. Uziyang'ana amene waponda polimba: amene lamulo lili kumbali yake, amene anthu ali pambuyo pake, amene angathe kudikira nthawi yaitali osafa ndi njala.

Tsopano tibwerere ku fodya wako uja, chifukwa apa m'pamene ndili ndi mawu ndi amene analemba ndimeyo. Pamayeso uyankhe monga ndakuuzira, upeze malikisi ako. Koma ukatuluka m'chipinda cha mayeso udzifunse ngati mlimi ndi wogula alidi ndi mphamvu zofanana. Ku okushoni ya ku Limbe, kumene alimi a kuno kummwera amagulitsa, makampani ogula ndi owerengeka pa zala, pamene alimi ndi masauzande. N'zoona kuti boma limaika mitengo yoyambira, ndipo n'zoonanso kuti alimi akakwiya amatha kuimitsa msika. Koma mlimi wa ku Thondwe kapena ku Mayaka amene mabelo ake afika kale kumsika ali ndi ngongole ya feteleza, ali ndi aganyu oti awalipire, mwini lole akufuna zake, ana akudikira fizi. Wogula akakana belo lero, iye sataya kanthu, abweranso mawa. Mlimi sangadikire mpaka kalekale. Mmodzi waponda pa simenti, wina waponda pa matope.

Ichi ndicho chimandipweteka ndikamawerenga nyuzi zathu za Chingerezi. Mawu akuti "tug of war" ali ndi chiweruzo m'kati mwake: amauza wowerenga kuti awiriwa ndi ofanana, aliyense ali ndi mfundo zake, tiyeni tione amene apambane. Mtolankhani akawaika pamalo pamene wamphamvu akukhwekhwereza wofooka, waphimba nkhanza ndi mawu okoma. Taganiza za mayi amene mwamuna wake wamwalira, achibale a malemu abwera kudzatenga nyumba, mbuzi ndi njinga, iye akukana kutuluka. Wina alemba kuti pali kukokana pakati pa mayiyo ndi alamu ake pa za chuma cha masiye. Ayi ndithu. Kumeneko ndi kulanda, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati ndi mlandu. Ukadzakhala mtolankhani, loya kapena mphunzitsi, mwanangu, mawuwa uzidzawasungira malo amene mbali zonse ziwiri zilidi ndi poponda.

Kalembedwe kake n'kosavuta. Umatchula okokanawo ndi "between", chinthu chimene akulimbiranacho ndi "over". Mwachitsanzo: "There is a tug of war between the two brothers over the chieftaincy." Apa abale awiri akulimbirana ufumu ndipo palibe akugonja. Utha kuwagwiritsanso ntchito pa za mumtima mwa munthu mmodzi, monga mtsikana amene mtima wina ukuti apitirize sukulu, wina ukuti akasamale amayi ake odwala kumudzi. Ena amaika timizere pakati pa mawu atatuwa, ena saika, zonse n'zololedwa. Ukakhoze bwino mayesowo.

FUNSO

Aphunzitsi, ine ndimakonda mpira ndipo Red Lions ikamasewera sindiphonya. Owulutsa mpira m'Chingerezi amakonda kunena kuti matimu awiri ali "neck and neck" pa mndandanda wa ligi. Tinatsutsana ndi anzanga pamalo ometera tsitsi. Ena akuti ndi chimodzimodzi ndi "tug of war", ena akuti ndi kugwirana pakhosi. Zoona ndi ziti?

Wokonda mpira wa ku Matawale

YANKHO

Bambo, kauzeni anzanuwo kuti palibe amene wagwidwa pakhosi. Makosi akunenedwawo ndi a akavalo. Mawuwa anachokera ku mpikisano wa akavalo ku Britain, kumene kavalo amatha kupambana ndi kutalika kwa khosi lokha, ngakhale kwa mphuno. Akavalo awiri akamathamanga makosi awo ali pa mzere umodzi, palibe wotsogola, ndiye kuti ali "neck and neck".

Kusiyana kwake ndi kukokana chingwe kuli pa kumene akuyang'ana. Okokana chingwe amayang'anizana, ndipo phazi limene wina wapeza ndi limene mnzake wataya. Akavalo aja onse akuthamangira kumodzi, palibe akukoka mnzake, ndipo mpikisano sunathe. Maule ndi Manoma akakhala ndi mapointi ofanana kutatsala masewero atatu kuti ligi ithe, amenewo ali "neck and neck", kapena monga amanenera owulutsa athu a Chichewa, akupumirana m'khosi. Amawagwiritsanso ntchito kwambiri pa chisankho mavoti akamawerengedwa. Ku America mu 2000, George W. Bush ndi Al Gore anathamanga chomwecho mpaka nkhani yonse inatsalira pa chigawo cha Florida, kumene anasiyana ndi mavoti 537 okha.

Mpikisano ukatha oweruza osatha kusiyanitsa woyamba ndi wachiwiri, mawu ake ndi "dead heat". Pa mpira tikati matimu alepherana kapena afanana mphamvu, Mngerezi amangoti "draw". Mudzamvanso "stalemate", lochokera ku masewera a chess, pamene woyenera kusewera alibe koyenda kololedwa ngakhale mfumu yake sinaopsezedwe, ndipo masewero amathera pomwepo popanda wopambana. Limeneli ndi la zokambirana zimene zaima nji, pamene aliyense wasowa chochita china. Pa "tug of war" anthu akadali kukoka. Pa "stalemate" palibenso amene angasunthe.

FUNSO

Aphunzitsi, ndimaphunzitsa Sitandade 6 pasukulu ina ya kufupi ndi Jali. Tikufuna kuika masewera okokana chingwe pa tsiku lotsekera sukulu, makolo ndi ana onse alowe nawo. Tapeza chingwe cha nayiloni chimene asodzi a ku Kachulu amagwiritsa ntchito. Kodi chingathandize?

Mphunzitsi wa ku Jali

YANKHO

Mayi, chingwe chimenecho musachigwiritse ntchito, ndapota nanu. Nayiloni imatamuka ikamakokedwa, ndipo ikaduka imabwerera mwamphamvu ngati legeni. Ku Taipei, likulu la Taiwan, mu 1997 anthu oposa 1,600 anakokana chingwe cha nayiloni pa chikondwerero. Chinaduka, ndipo abambo awiri amene anali kutsogolo anaduka mikono, mwamwayi madokotala anailumikizanso. Anthu anu sangafike chiwerengero chimenecho, koma chingwe cha asodzi n'chopyapyala, ndipo chopyapyala chimacheka zikhatho za ana ngakhale chisanaduke.

Funani chingwe cha khonje chonenepa bwino, chodzaza m'dzanja la munthu wamkulu. Cha pa mipikisano chimakhala cha masentimita 10 mpaka 12.5 mukachiyeza mozungulira. Chiyang'aneni chonse musanayambe, ngati pena chayamba kusosoka kapena chinanyowa n'kuwola, chisiyeni. Musalole sukulu yonse kugwira chingwe chimodzi nthawi imodzi. Agaweni m'magulu a anthu 8, ana ndi ana anzawo a msinkhu wofanana, makolo paokha. Lamulo loti muwauze mobwerezabwereza ndi lakuti wina aliyense asakulungize chingwe kudzanja kapena kumkono, ndipo asamange mfundo yoti alowetsemo zala. Pa akuluakulu, munthu womalizira kumbuyo yekha, amene amakhala nangula wa gulu, ndiye amaloledwa kudutsitsa chingwe kumsana ndi paphewa, koma kwa ana a Sitandade 6 ngakhale zimenezo zisiyeni, angogwira ndi manja. Sankhani bwalo la udzu kapena dothi lofewa, muchotse miyala ndi zitsa, ndipo muwachenjeze kuti gulu likaona kuti lagonja lisataye chingwe mwadzidzidzi, chifukwa anzawo onse amagwa chagada n'kumenyetsa mitu pansi. Inuyo muime pakati ndi wezulo, ndipo mwana mmodzi akangogwa, imbani nthawi yomweyo.